Imelo ikulowa koma siikutuluka chisinthireni intaneti ya ku ofesi

Funso: "Ndine mayi wa ku Limbe, ndimayang'anira za ndalama ndi makalata pa kakampani kathu kogulitsa zipangizo zomangira. Kwa zaka zambiri takhala tikugwiritsa ntchito adiresi ya imelo yomwe anatipatsa a kampani imene inkatilumikiza pa intaneti. Mwezi watha tinasamukira ku ofesi ina ndipo abwana anaika Starlink. Chiyambire pamenepo makalata akulowa mu Outlook bwinobwino, koma ndikalemba anga amangokhala mu Outbox, kenako pamabwera uthenga wa nambala yakuti 0x80042109. Ndikafuna kuika imelo yomweyo pa foni yatsopano ikundifunsa IMAP kapena POP, ndipo sindikudziwa chosankha. Mwana wa achimwene akuti ndifufute akaunti yonse mu Outlook n'kuyambiranso. Koma muli ma invoice ndi ma quotation a zaka zambiri mmenemo. Kodi atitsekera chifukwa tinasiya intaneti yawo? Ndichite bwanji?"

Mayi, mtima m'malo. Malinga ndi zomwe mwafotokozazi, imelo yanu ili moyo. Akanakhala kuti anakutsekerani, makalata sakanalowanso, ndipo Outlook ikanakhala ikukutopetsani ndi kabokosi kofunsa pasiwedi mphindi iliyonse. Vuto lanuli limagwera anthu ambiri amene asintha kampani ya intaneti koma asunga adiresi yakale, ndipo kawirikawiri limatha posintha nambala imodzi ndi kuchonga kabokosi kamodzi. Koma tisanafike kumeneko, mwana wa achimwene anuyo mumuthokoze chifukwa cha mtima wofuna kuthandiza, kenako mumuuze asakhudze kaye batani la Remove.

Chifukwa chake n'chotere. Maofesi ambiri amene anapatsidwa imelo ndi kampani ya intaneti kalekale anawaikira njira ya POP. Mwa njira imeneyi kompyuta imapita ku seva (kompyuta ya kampani imene imasunga imelo yanu), imatenga makalata n'kuwasunga pa hard disk yanu, ndipo pakapita masiku angapo seva imawafufuta kumbali yake. Ngati palibe anasinthapo kanthu, Outlook imauza seva kuti iwafufute pakatha masiku 14, ndipo ma Outlook akale kwambiri ankawafufutitsa nthawi yomweyo. Ndiye kuti ma invoice a zaka zonsezo mwina sali kwina kulikonse kupatula m'fayilo imodzi ya pa kompyuta ya patebulo panuyo, fayilo yomwe dzina lake limathera ndi .pst. Kuchotsa akaunti mu Outlook kawirikawiri sikufufuta fayiloyo. Chomwe chimachitika n'chakuti munthu akaikanso akauntiyo, Outlook imasankha yokha IMAP, njira yomwe imangoonetsa makalata amene akadali pa seva, Inbox imatseguka ili ndi makalata a masabata awiri okha, ofesi yonse mitima imalumpha, ndipo m'chipwirikiti chofunafunacho m'mene zinthu zimawonongekeradi. Mapulogalamu ena, monga Mail ya pa makompyuta a Apple, amachotsa makalata a POP pamodzi ndi akauntiyo.

Choncho ntchito yoyamba ndi kusunga kope. Mu Outlook pitani pa File, Account Settings, ndipo pamzera wa akaunti yanu muona palembedwa POP/SMTP kapena IMAP/SMTP. Pa Data Files pomwepo akuonetsani komwe fayilo ya .pst ili, kawirikawiri imakhala mu Documents, m'foda ya Outlook Files. Tsekani Outlook, koperani fayiloyo pa fulashi kapena pa hard disk yakunja, ndipo muiike m'kabati yokhoma chifukwa muli zinsinsi za kampani. Chitani zimenezi ngakhale vuto la lero litatha, pakuti magetsi akazima mwadzidzidzi Outlook ili mkati molemba, fayilo imeneyi imatha kuwonongeka.

Mukatero, yesani chinthu chimene ine ndimayambira nthawi zonse munthu akandibweretsera vuto la imelo, ndicho webmail. Pafupifupi kampani iliyonse yopereka imelo ili ndi tsamba lomwe mumatsegula pa Chrome kapena Firefox n'kulowa ndi adiresi ndi pasiwedi yanu, osadzera mu Outlook. Lowani, lembani kalata yaifupi yopita ku adiresi ya Gmail ya munthu amene muli naye pafupi. Ikafika, mwadziwa zinthu zitatu nthawi imodzi: akaunti ndi yotsegula, pasiwedi yomwe mukuidziwayo ndi yolondola, ndipo seva ikukulolani kutumiza. Apo vuto latsalira pakati pa Outlook ndi seva basi. Komanso mwapeza potumizira ma quotation a lero pamene tikukonza zinazo, kuti makasitomala asadikire.

Tsopano tione chomwe chinasintha tsiku limene munasamuka. Kulandira makalata ndi kutumiza makalata ndi ntchito ziwiri zosiyana, zodzera makomo awiri osiyana, ngakhale pa sikirini zimaoneka ngati chinthu chimodzi. Polandira, Outlook imagwiritsa ntchito POP kapena IMAP, ndipo kuyambira kale njira zimenezi zimafuna dzina ndi pasiwedi, kotero zimagwira kulikonse komwe muli. Potumiza imagwiritsa ntchito SMTP. Njira imeneyi inakhazikitsidwa mu 1982, intaneti ikadali ya mayunivesite ndi malo ofufuzira ochepa odziwana, ndipo poyamba inalibe zofunsa pasiwedi n'komwe. Makampani a intaneti atayamba kupereka imelo kwa makasitomala, ambiri anangouza seva yawo kuti aliyense wobwera pa waya wathu kudzera pa port 25 (port ndi khomo la nambala lolowera pa seva) ndi wathu, mulekeni atumize. Zili ngati mlonda wa pageti amene amakutsegulirani chifukwa mwafika pa galimoto ya kampani, osafunsa chiphaso. Tsiku lomwe mwafika pa galimoto ina sakudziwaninso, ndipo chiphaso chija, chomwe munali nacho nthawi yonseyi m'chikwama, tsopano chikufunika kuchionetsa.

Pamwamba pa zimenezo pali chinthu chachiwiri. Port 25 ndi yomwe makompyuta ogwidwa ndi ma virus amagwiritsa ntchito pomwaza makalata achinyengo, motero makampani ambiri a intaneti padziko lonse amaitseka kwa makasitomala wamba. Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndi imodzi mwa amene amatseka port 25 yotulukira kunja. Sanalakwe, ndi njira yotetezera netiweki yawo. Koma zotsatira zake kwa inu n'zakuti Outlook ikugogoda pakhomo lomwe njira yake yatsekedwa, ndipo nambala mwaitchulayo, 0x80042109, tanthauzo lake ndi lomwelo: yalephera kufika ku seva yotumizira. Starlink payokha sipereka ma adiresi a imelo, ndiye musavutike kufunafuna seva yotumizira ya iwowo.

Mankhwala ake ndi port 587, yomwe inaikidwa padera mu 1998 kuti ikhale ya anthu otumiza makalata awo atadzidziwikitsa ndi pasiwedi, kapena port 465. Mu Outlook bwererani pa File, Account Settings. M'ma Outlook atsopanoko mupeza Server Settings kenako Outgoing mail. M'akale mumasankha akaunti, kudina Change, kenako More Settings. Pa Outgoing Server chongani pomwe palembedwa "My outgoing server (SMTP) requires authentication", n'kusankha kuti igwiritse ntchito dzina ndi pasiwedi zomwezo za polandirira. Pa Advanced, pomwe pali 25 lembani 587, ndipo pa encryption (njira yobisira uthenga panjira) sankhani STARTTLS; Outlook yakale imangolemba TLS. Zikakana, yesani 465 pamodzi ndi SSL/TLS. Yakale imangolemba SSL. Samalani pophatikiza, chifukwa apa m'pomwe anthu ambiri amaphonya: 587 imayenda ndi STARTTLS, 465 imayenda ndi SSL/TLS. Mukasokoneza, Outlook imangozungulira kwa kanthawi kenako n'kutulutsa uthenga wosathandiza, inu n'kuganiza kuti port yonseyo siikugwira.

Dzina la seva musalipeke nokha. Makampani ena amagwiritsa ntchito dzina loyamba ndi mail, ena smtp, ena dzina lina lomwe silifanana n'komwe ndi adiresi yanu. Liyenera kuchokera kwa eni ake, pa tsamba lawo la chithandizo kapena powaimbira. Ena ali ndi maina awiri, lina la makasitomala amene ali pa waya wawo ndi lina la amene ali kunja, ndiye funsani mwachindunji kuti mukufuna la munthu amene akulumikizidwa ndi kampani ina. Dzina lolowera nalonso limasiyana: kwina amafuna adiresi yonse, kwina mbali ya kumanzere kwa chizindikiro cha @ yokha. Lomwe lagwira pa webmail ndi lomwe muyambire.

Mukasintha, makalata omwe anakakamira mu Outbox nthawi zina sanyamuka okha. Tsegulani imodziimodzi n'kudinanso Send. Koma yambani mwawawerenga kaye, chifukwa quotation yomwe munalemba masabata atatu apitawo mwina mitengo ya simenti ndi malata yasintha kale, ndipo simungafune kuti ifike lero kwa kasitomala ngati yatsopano. Onaninso pansi pa sikirini kuti sipanalembedwe Working Offline.

Ngati zikukanabe, uthenga womwe ukubwerawo ndi umene utiuze kolowera, ndiye muziwerenga wonse, osangoutseka. Kusiyana kwakukulu kuli pakati pa kulephera kufika ku seva ndi kukanidwa ndi seva. Nambala ngati 0x80042109 ndi 0x800CCC0E zikutanthauza kuti simunafike: dzina la seva n'lolakwika, port ndi yolakwika, kapena pali chotchinga panjira. Chotchingacho nthawi zina chimakhala antivirus ya pa kompyuta yomweyo, imene imalowerera pakati kuti iunike makalata. Zimitsani mbali yake younika imelo kwa mphindi zochepa muone ngati zisintha, kenako muiyatsenso. Njira ina yachangu ndi kulumikiza kompyuta ku hotspot ya foni ya Airtel kapena TNM. Kalata ikatuluka pa netiweki ina koma n'kukana pa ina, vuto lili panjira, osati pa akaunti. Koma mukaona 535 kapena 0x800CCC92, mwafika ndipo seva yakana dzina kapena pasiwedi. Mukaona 550 pamodzi ndi mawu akuti "relaying denied" kapena "relay not permitted", seva ikunena kuti sikudziwani: kabokosi ka authentication kaja sikanachongedwe, kapena kampaniyo siilola kutumiza kuchokera kunja kwa netiweki yake.

Za pasiwedi ndikhalepo pang'ono, chifukwa pali msampha womwe umasokoneza ngakhale anthu a IT. Ma seva ambiri amatseka adiresi ya IP (nambala yomwe netiweki yanu imadziwika nayo pa intaneti) yomwe yalakwitsa pasiwedi kangapo motsatizana. Tsono taganizani: mwasintha pasiwedi pa webmail, mwaikonza pa kompyuta, koma foni yakale ya abwana kapena tabuleti ya m'dirowa ikuyesabe pasiwedi yakale mphindi zingapo zilizonse pa Wi-Fi ya ofesi. Seva imaona ngati wakuba akuyesa kuthyola, n'kutseka ofesi yonse. Aliyense imelo imaima, mwinanso webmail imaleka kutseguka, koma munthu akatuluka panja n'kuyatsa data ya foni zonse zimagwira. Mukaona chizindikiro chimenechi, sakani chipangizo chilichonse chomwe chinalowetsedwapo imelo imeneyi, kuphatikizapo makina ojambulira mapepala amene amatumiza ma scan pa imelo, mukonze kapena muchotse akauntiyo, kenako mupemphe kampani itsegule IP yanu. Ndipo pasiwedi ikakanidwa kawiri, imani. Kuyesa kachisanu ndi kachisanu ndi chimodzi n'komwe kumakutsekeretsani.

Uthenga wina womwe mungakumane nawo mukangoyatsa encryption ndi wochenjeza za certificate, chiphaso chomwe seva imaonetsa potsimikiza kuti ndi yeniyeni. Choyamba yang'anani tsiku ndi nthawi pa kompyuta. Makompyuta akale a pa desiki ali ndi kabatire kakang'ono kozungulira mkati, ndipo kakatha mphamvu, kompyuta imabwerera zaka zambiri m'mbuyo nthawi iliyonse magetsi akazima, motero certificate iliyonse imaoneka yosayenera. Tsiku likakhala lolondola, kawirikawiri ndiye kuti dzina la seva lomwe mwalemba silikufanana ndi lomwe lili pa certificate; uthengawo umaonetsa dzina lenileni, ndipo mukatsimikiza ndi kampani, lembani limenelo. Sindilimbikitsa chizolowezi chongodina Yes tsiku ndi tsiku kuti uthengawo uchoke, chifukwa tsiku lomwe chenjezolo lidzakhale loona simudzalizindikira.

N'kuthekanso kuti kompyutayo yakalamba. Njira zakale zobisira uthenga, TLS 1.0 ndi TLS 1.1, zinalengezedwa kuti n'zosayeneranso mu 2021 ndipo ma seva ambiri anazizimitsa. Outlook 2010 pa Windows 7 siilankhula TLS 1.2 pokhapokha wina ataikonzera mwapadera. Windows 7 inaleka kulandira zokonza za chitetezo mu January 2020, ndipo Windows 10 nayo inafika pamapeto a chithandizo chake chanthawi zonse mu October 2025. Ngati ndi momwe zilili kwa inu, pulogalamu ya imelo ya Thunderbird ya Mozilla ndi yaulere ndipo imagwira bwino ntchito ndi imelo zoterezi, koma kunena zoona, kompyuta yosunga ma akaunti a kampani siyenera kukhala pa Windows yomwe eni ake anaisiya. Mawu amenewo muwafikitse kwa abwana.

Tibwere ku foni. Sankhani IMAP, port 993, ndi SSL/TLS. Potumizira lembani zomwezo zimene zagwira pa kompyuta. Mafoni ena amalemba kuti dzina ndi pasiwedi za seva yotumizira ndi Optional, koma mudzazebe, apo ayi foni nayo izilandira osatumiza. IMAP imasiya makalata pa seva, ndipo foni imangoonetsa zomwe zili kumeneko. Mukawerenga pa foni, pa webmail paonekanso kuti mwawerenga. Mukafufuta pa foni, mwafufuta pa seva. POP pa foni musaiyerekeze, chifukwa foni ikhoza kutenga makalata n'kuwachotsa pa seva kompyuta ya ku ofesi isanawaone. POP yotetezeka imadzera pa port 995. Mukapeza 110 kapena 143 popanda encryption iliyonse, pasiwedi yanu ikuyenda poyera pa netiweki, ndiye zimenezo zikonzedwe nthawi yomweyo pomwe mukukonza zotumizira.

Dziwani chomwe chidzachitike kompyuta ikakhala pa POP, foni pa IMAP. Foni izionetsa makalata okhawo omwe kompyuta sinawachotse pa seva. Ngati "Leave a copy of messages on the server" sipanachongedwe pa Advanced, kalata izioneka pa foni m'mawa n'kusowa mukangoyatsa kompyuta ku ofesi. Chongani pamenepo, ndipo masiku muwaonjezere kufika 30 kapena kupitirira ngati malo alipo. Makalata omwe mwatumiza pa kompyuta sadzaoneka pa foni, ndipo omwe mwatumiza pa foni sadzaoneka mu Sent ya kompyuta. Kwa ofesi yotumiza ma invoice zimenezi n'zosautsa, ndipo njira yokhazikika ndi kusamutsira kompyuta nayo ku IMAP, fayilo ya .pst ija n'kuisiya yotsegula pambali ngati nkhokwe ya makalata akale. Koma musasamuke musanadziwe kukula kwa bokosi lanu.

Mabokosi a imelo a makampani a intaneti kawirikawiri amakhala ang'onoang'ono poyerekeza ndi 15 GB yomwe Google imapereka kwaulere. Pa POP simunkazindikira chifukwa kompyuta inkakokolola zonse. Mukayamba kusiya makalata pa seva, bokosi limadzaza mwakachetechete, ndipo inu simuona uthenga uliwonse. Amene amauona ndi kasitomala, yemwe kalata yake imabwerera ndi mawu akuti "mailbox full" kapena nambala 5.2.2. Webmail imaonetsa malo omwe atsala, ndiye muziyang'anapo. Trash, Junk ndi Sent nazo zimadya malo omwewo. Za mafayilo akuluakulu ndingonena mwachidule: Outlook payokha imakana zoposa 20 MB pa akaunti zamtunduwu, Gmail imalola kutumiza mpaka 25 MB, ndipo fayilo ikalowa mu imelo imakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mapulani a nyumba ndi zithunzi zambiri ziikeni pa Google Drive kapena OneDrive, mutumize link.

Pali njira yachidule yomwe wina adzakuuzani, yakuti musiye adiresi yanu momwe ilili koma potumizira mulembe seva ya kampani ina iliyonse yomwe ikukulolani. Kale zinkatheka. Masiku ano ma seva olandira amafufuza ngati seva yomwe yatumiza kalata ndi yololedwa ndi eni dzina la kumanja kwa @, pogwiritsa ntchito zolembedwa zotchedwa SPF, DKIM ndi DMARC. Kuyambira February 2024, Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo amenewa, ndipo kalata yosatsimikizika imatha kuponyedwa mu Spam kapena kukanidwa. Choipa chake n'chakuti kumbali yanu zioneka ngati yapita. Popeza dzinalo ndi la kampani ya intaneti, si inu amene mungasinthe zolembedwazo. Tumizirani pa seva ya eni adiresi basi. Ndipo ngati mukutumizira pa seva yawo koma makalata opita ku Gmail akubwererabe ndi uthenga wotchula SPF kapena DKIM, kapena wonena kuti seva ili pa mndandanda wa otsekedwa monga wa Spamhaus, palibe chomwe mungakonze pa kompyuta yanu. Atumizireni uthenga wobwererawo wonse, ndi ntchito yawo.

Muli pa webmail pomwepo, tsegulani Settings muone Filters ndi Forwarding. Ndikunena izi chifukwa cha ntchito yanu. Akuba amakonda ma adiresi akale a maofesi a za ndalama. Amatumiza kalata yooneka ngati yochokera ku kampani ya intaneti, yonena kuti bokosi ladzaza kapena akaunti itsekedwa mawa, dinani apa mulembe pasiwedi. Munthu amene imelo ikumuvuta kale, ngati inu panopa, ndi amene amagwa mosavuta. Akapeza pasiwedi sasintha kanthu kooneka. Amangoika lamulo loti kope la kalata iliyonse lizipita kwa iwo, amawerenga kwa masabata, kenako amalembera kasitomala wanu m'dzina lanu kuti tasintha akaunti ya ku banki. Mukapeza adiresi yachilendo pa Forwarding, kapena makalata mu Sent omwe simunalembe, jambulani kaye umboniwo, chotsani lamulolo, sinthani pasiwedi pa chipangizo chomwe mukuchikhulupirira, ndipo imbirani makasitomala akuluakulu pa foni kuwauza kuti nambala ya akaunti sinasinthe. Ngati ndalama zapita kale, ku banki ndi ku polisi tsiku lomwelo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limakhudza milandu yotereyi.

Tsono funso lanu lija, loti kodi atitsekera, ndaliyankha theka lokha. Lero sanatseke. Koma adiresiyo ndi yawo, ndipo inabwera ngati gawo la mgwirizano womwe mwausiya. Makampani amasiyana pa nkhaniyi: ena amaisiya yotsegula kwa kanthawi kenako n'kuitseka, ena amalola kuisunga mukamalipira kandalama kapadera, ena amangoiiwala mpaka tsiku lomwe akukonza ma seva awo. Musadikire kuti mudziwire kwa kasitomala wokwiya. Pitani kapena alembereni, mufunse ngati bokosilo lipitirire popanda intaneti yawo, pa mtengo wanji, mpaka liti, komanso ngati amalola kutumiza kuchokera pa netiweki ina. Yankho likhale lolembedwa. Akanena kuti seva yawo yotumizira ndi ya okhawo amene ali pa waya wawo, ndiye kuti Outlook sidzatumizanso pa Starlink ngakhale mutasintha ma port onse, ndipo mwatsala ndi webmail yokha mpaka mutasamuka.

Maganizo anga ndi akuti musamukebe, ngakhale zonse zitakonzeka mawa. Kampani yomwe ili ndi makasitomala iyenera kukhala ndi dzina lakelake la pa intaneti, kaya lothera ndi .mw, kaya .com. Mukakhala ndi dzina lanu, mukhoza kusintha kampani ya intaneti kapena yosunga imelo kangati konse, adiresi osasintha. Mabokosi mungawaike ku Google Workspace, Microsoft 365, Zoho Mail, kapena ku makampani a konkuno osunga mawebusaiti. Musanasankhe ganizirani za kalipiridwe, chifukwa akunjawo kawirikawiri amafuna khadi yolipirira ndalama zakunja, ndipo malipiro akalephera kangapo imelo imaima. A konkuno ambiri amalandira makwacha. Chinthu chimodzi musachilole: dzinalo lisalembetsedwe m'dzina la mnyamata amene akukuikirani. Lilembedwe m'dzina la kampani, pasiwedi zake zikhale ndi abwana, ndipo tsiku lolipiranso chaka ndi chaka lilembedwe pa kalendala yanu. Ndaonapo mabizinesi akutaya imelo yonse chifukwa amene analembetsa anapita ku Johannesburg n'kusintha nambala ya foni. Ngati ndalama sizilola panopa, adiresi ya Gmail kapena Outlook.com ya dzina la kampani ndi yabwinoko kusiyana ndi kudalira adiresi ya kampani yomwe simukuchita nayonso malonda.

Posamuka musathamange. Sungani adiresi yakale kwa miyezi ingapo, ngakhale zitafuna kulipira, muike Forwarding yopita ku yatsopano ndi uthenga wodziyankha wokha wodziwitsa anthu. Makasitomala akuluakulu auzeninso pakamwa, chifukwa kalata yonena kuti tasintha adiresi ndi yomwe akuba nawonso amalemba. Lembani paliponse pomwe adiresi yakale inalembetsedwa: ku banki, ku MRA pa Msonkho Online, kwa ogulitsa katundu, pa Facebook ya kampani, pa akaunti ya Starlink yomweyo ngati abwana anagwiritsa ntchito adiresi imeneyi, pa zidindo ndi pa mapepala a invoice. Malo amene amatumiza uthenga wobwezeretsa pasiwedi ku adiresi yakale ndi oyamba kusintha, ikadali yotsegula.

Kusintha port ndi kuika imelo pa foni mungathe nokha. Munthu wa IT mumuitane ngati fayilo ya .pst ikukana kutseguka kapena simukuipeza, ngati mwaona zizindikiro zoti wina analowa mu akaunti, komanso pa tsiku losamutsa makalata akale kupita ku bokosi latsopano. Akabwera, pasiwedi mulembe nokha pa kiyibodi, kapena muisinthe akangochoka. Ku kampani ya imeloyo muimbe ngati webmail ikukana, ngati 587 ndi 465 zonse zakana pa manetiweki awiri osiyana, kapena ngati uthenga ukunena kuti IP yanu yatsekedwa. Poimba khalani ndi adiresi yanu, nambala ya kasitomala ya pa bilu yakale, chithunzi cha uthenga wonse wa vutolo, tsiku ndi nthawi yomwe munayesa, dzina la seva ndi port zomwe mwalemba, komanso IP yanu, yomwe mumaipeza polemba "what is my IP" pa Google. Auzeni poyambirira kuti webmail ikugwira kapena ayi komanso kuti muli pa Starlink, kuti asakuyambitseni kuzimitsa ndi kuyatsa rauta. Wogwira ntchito weniweni sangakufunseni pasiwedi pa foni kapena pa WhatsApp. Ngati akufuna kuyesa, akhoza kukuikirani yongoyembekezera yomwe mudzaisinthe mukamaliza. Musanadule foni, pemphani nambala ya dandaulo lanu, kuti mukaimbanso musayambirenso kufotokoza kuchokera pachiyambi.